Harry Johnston ndi mbalame zathu zimene zili m'madilowa a ku England

Loweruka lina mwezi wathawu ndinalawirira ku Area 10 kukasaka firiji yotchipa. Inu a ku Lilongwe mukudziwa mmene zimakhalira. Mzungu wa kubungwe kontirakiti yake ikatha, amagulitsa katundu yense wa m'nyumba, uthenga umazungulira pa WhatsApp, ndipo ife a malipiro ochepafe timafika pageti dzuwa lisanatuluke ngati tikukaima pamzere wa feteleza. Firijiyo ndinapeza itapita kale.

Chimene chinandiimitsa chinali pakona ya pabalaza: bokosi la galasi, m'kati mwake muli timbalame tisanu titatera pa kanthambi kouma. Nthenga zake zinali kunyezimira ndithu, kamodzi katatambasula mapiko ngati kakufuna kuuluka. Ndinachita kuyandikira kuti nditsimikize kuti ndi takufa. Mayi wa panyumbapo anandiuza kuti bokosilo silinali pamalonda. Linachokera kwa agogo ake ku England, linapangidwa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo akubwerera nalo kwawo.

Ndili mu minibasi yobwerera ku Old Town ndinatsegula foni. Eti mabokosi oterewa ndi bizinesi ndithu. Ku Ulaya amagulitsidwa paokushoni ngati zinthu zakale zamtengo wapatali, ena pa mapaundi mazanamazana, ena kuposa pamenepo. Timbalame tomwe ndinaona tija sitinali takuno. Koma funso linandikakamira: kodi zathu nazonso zinapita? Yankho lake linanditengera ku dzina limene ndinalisiya m'kope la histore kusekondale, la Harry Johnston.

Ambirife timamudziwa ngati mzungu amene anakhazikitsa boma la atsamunda m'dziko muno. Za mbalame aphunzitsi sanatiuze. Koma moyo wa munthuyu ukauyang'ana kudzera mu mbalame, umaonetsa bwino mmene dziko lathu linalembedwera m'mabuku a anthu ena.

Fashoni ya mbalame zakufa

Tiyambe ndi dziko limene anabadwira. Victoria analamulira Britain kuyambira 1837 mpaka 1901. M'zaka zimenezo banja lofuna kuoneka lotsogola linkaika mbalame zoumitsa pabalaza, monga mmene ena amaikira TV yaikulu lero. Pachionetsero chachikulu cha mu London mu 1851 panali nyama ndi mbalame zoumitsa zambiri, ndipo chaka chomwecho katswiri wa mbalame John Gould anaonetsa timbalame ting'onoting'ono ta ku America m'mabokosi a galasi, anthu masauzande n'kumalipira kuti akatione. Amisiri ngati Rowland Ward wa mumsewu wa Piccadilly analemera ndi ntchito imeneyi. Amayi nawonso ankavala zipewa zokongoletsedwa ndi nthenga, nthawi zina mbalame yathunthu ili pamutu.

Kapangidwe kake kanali kotere. Mbalame ikaphedwa, ankaing'amba pang'ono pamimba n'kusenda chikopa chonse pamodzi ndi nthenga, kusiya mlomo, mapiko ndi miyendo. Nyama ankataya. M'kati mwa chikopa ankapakamo sopo wosakaniza ndi poizoni wa aseniki kuti tizilombo tisadye. Akatero ankasankha chimodzi mwa ziwiri. Ngati ndi yokongoletsa nyumba, ankaikamo mawaya ndi zofutika, kuipatsa maso a galasi, n'kuiimika pa nthambi. Ngati ndi ya akatswiri, ankangoikamo thonje, kuigoneka chagada, n'kumangirira kumwendo kapepala kolembapo malo, tsiku ndi dzina la amene waitola.

Kapepala kameneka mukakumbukire. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Mnyamata wa kumalo osungira nyama

Henry Hamilton Johnston anabadwa pa 12 Juni 1858 ku Kennington, mu London. Sanali msilikali, ndipo sanayambe ngati wandale. Ankafuna kukhala wojambula zithunzi. Anaphunzira ku King's College ndi ku Royal Academy, ndipo ali mnyamata ankathera nthawi yambiri kumalo osungira nyama a ku Regent's Park akujambula nyama ndi mbalame. Malowo anali m'manja mwa bungwe la Zoological Society of London, lomwe mlembi wake wamkulu kuyambira 1859 mpaka 1902 anali Philip Lutley Sclater. Dzina la Sclater tikumana nalonso kutsogoloku.

Mu 1879 Johnston anapita ku Tunis kukajambula. Mu 1882 anali ku Angola, kenako analowera ku mtsinje wa Congo kumene anakumana ndi Henry Morton Stanley. Mu 1884, ali ndi zaka 26, anatumidwa ku phiri la Kilimanjaro kukatolera zomera, nyama ndi mbalame. Anatoleradi. Kambalame kena kobiriwira, ka mchira wautali, koyamwa timadzi ta m'maluwa, kanapatsidwa dzina loti Nectarinia johnstoni mu 1885. Kambalame kameneka kamapezekanso kwathu kuno pa Nyika.

Koma pa ulendo womwewo anachitanso china. Anasainirana mapepala a malo ndi mafumu a kumeneko, mapepala amene pambuyo pake anathandiza a Britain pokanganirana dera la kum'mawa kwa Africa ndi a Germany. Kuyambira pamenepo ntchito ziwirizi sizinasiyanenso m'moyo wake: dzanja lina likutola mbalame, lina likutola dziko.

Boma la Britain linamuona kuti ndi wochenjera. Mu 1885 linamutumiza ku Cameroon ndi kumathiriro a mtsinje wa Niger ngati wachiwiri kwa kazembe. Kumeneko, mu 1887, anaitanira Mfumu Jaja ya ku Opobo kumsonkhano ataitsimikizira kuti ibwerera kwawo bwinobwino. Itafika anaigwira, ndipo inathamangitsidwira kuzilumba za West Indies. Jaja sanaonenso kwawo ali moyo. Munthu amene ankabwera kwathu anali wotere: wamfupi, wolankhula mokoma, wodziwa zilankhulo, koma wosadalirika pa lonjezo.

Afika kunyanja

Mu 1889 Johnston anasankhidwa kukhala kazembe wa Britain ku Mozambique. Asananyamuke anakumana ndi Cecil Rhodes mu London, ndipo Rhodes anam'patsa cheke cha mapaundi 2,000 choti akagwiritse ntchito posainirana mapangano ndi mafumu. Anakwera mtsinje wa Zambezi ndi Shire, anafika kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anagwirizanitsa Mlozi wa ku Karonga ndi azungu a kampani ya African Lakes amene ankamenyana naye.

Mu Meyi 1891 dziko lino linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo Johnston anakhala kamishinala woyamba, tingoti bwanamkubwa, ali ndi zaka 32 zokha. Likulu anaika ku Zomba. Lilongwe wathuyu nthawi imeneyo anali midzi chabe, boma linadzafika kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ulikulu unadzabwera mu 1975. Ndalama zoyendetsera boma lake zinali zochepa, moti ankadalira mapaundi 10,000 pachaka ochokera ku kampani ya Rhodes.

Tsono taonani anthu ochepa amene anabwera nawo. Panali Kaputeni Cecil Maguire wotsogolera asilikali ochokera ku India. Panali Bertram Sclater, injiniya wa misewu, mwana wa Sclater wa ku London uja. Ndipo panali bambo wachikulire wa ku Scotland, Alexander Whyte, amene anakhalapo zaka zambiri ku Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka. Ntchito ya Whyte inali ya zomera, nyama ndi mbalame. Tangoganizani: boma lopanda ndalama, lopanda misewu, lozunguliridwa ndi mafumu osalifuna, koma pa antchito ake oyambirira pali wotola mbalame.

Johnston ankakhala m'nyumba imene John Buchanan anamanga mu 1886, yomwe pambuyo pake inadzakhala Hotel Masongola. Pabwalo pake ankawetapo nyama ndi mbalame zam'tchire, ndipo ankazijambula. Whyte anayamba munda wa zomera m'munsi mwa phiri la Zomba. Chaka cha 1891 chisanathe anali atakwera kale phiri la Mulanje.

Ulendo wa chikopa

Zikopa za mbalame zikauma, zinkalongedzedwa m'mabokosi. Amtengatenga ankasenza mabokosiwo pamutu kuchoka ku Zomba, kudzera ku Blantyre, kutsetsereka mpaka kumtsinje wa Shire. Kumeneko ankakweza mu sitima yapamadzi mpaka ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, kenako sitima yaikulu mpaka ku London. Johnston ankatumiza kwa Sclater, ndipo mbalamezo ankazifufuza ndi Kaputeni George Ernest Shelley, amene ankalemba zotsatira zake m'magazini ya akatswiri a mbalame yotchedwa Ibis.

Mbalame ikakhala yoti sinalembedwepo m'mabuku a ku Ulaya, Shelley ankaipatsa dzina la Chilatini. Mverani mmene mayinawo anagawidwira.

Mu 1893 mbalame ina ya mlomo wonenepa ya m'nkhalango za miombo inatchedwa whytii, polemekeza Whyte. Mbalame imeneyi anthu okonda mbalame amakaionera ku Dzalanyama, kumpoto chakumadzulo kwa phiri la Dedza, kufupi ndi kwathu kuno. Chaka chomwecho mbalame ina yoluka zisa ya kumapiri inatchedwa bertrandi, polemekeza Bertram Sclater, injiniya uja. Mu 1894 kambalame kobiriwira ka nkhope yofiirira, ka mtundu wa zinkhwe, kamene alendo amakakaonera ku Liwonde, kanatchedwa Agapornis lilianae. Lilian anali mwana wamkazi wa Sclater, mlongo wake wa Bertram. Banja limodzi, mbalame ziwiri za ku Malawi.

Ngakhale mtengo wa fuko lathu sunapulumuke. Mkungudza wa ku Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, dzina lake m'mabuku a sayansi ndi Widdringtonia whytei, kuyambira 1894. Alfred Sharpe, amene analowa m'malo mwa Johnston, nayenso ali ndi mbalame zake.

Apa ndi pamene ine ndinaima n'kudzifunsa. Whyte anafika kuno ali ndi zaka zoposa 55. Kodi ndi iye amene ankadziwa mtengo umene kambalame kamagona? Ndi iye amene ankazindikira kulira kwake m'bandakucha? Ndani ankalowa m'ziyangoyango kukatola mbalame ikagwa, ndani ankasenza mfuti, hema ndi mabokosi kukwera Mulanje? Ulendo uliwonse wotere unkayenda ndi anthu akuda, olondolera njira, osaka, osenda zikopa ndi osenza katundu. Pa kapepala ka kumwendo kaja pankalembedwa dzina la mzungu. Makolo athu, amene ankadziwa pumbwa, mpheta, timba, gogomole ndi nantchengwa kuyambira ali ana otchera ulimbo, anangokhala manja opanda dzina.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka alendo awa kanali cholembera. Mbalame tinkazidziwa ndife, koma amene analemba ndi iwo, ndipo dziko lapansi limakhulupirira cholembedwa.

Mfuti inayo

Tisaganize kuti Johnston ankangosewera ndi nthenga. Zaka zisanu zimene anakhala kuno zinali za nkhondo. Anamenyana ndi mafumu a Chiyao, Mponda, Makanjira, Jalasi, Kawinga ndi ena. Maguire anaphedwa ndi anthu a Makanjira mu Disembala 1891. Linga limene anamanga moyang'anizana ndi kwa Mponda analitcha Fort Johnston, ndipo dzinali linakhalapo mpaka linasinthidwa kukhala Mangochi dziko litalandira ufulu. Amene analemba za moyo wake amati ankapita kunkhondo atafunda ambulera yoyera. Mu Disembala 1895 anagonjetsa Mlozi ku Karonga, ndipo atamuzenga mlandu mwachangu anamunyonga. Mwezi womwewo asilikali ake anathira nkhondo Mwase wa ku Kasungu.

Chilungamo chake n'chakuti ambiri mwa amene anamenyana nawowa ankagulitsadi anthu. Malonda a akapolo odutsa panyanja kupita ku Kilwa ndi ku Zanzibar anatha m'nthawi yake, ndipo mabanja ambiri m'dziko muno alipo lero chifukwa cha zimenezo. Izi sitingazifufute.

Koma munthu yemweyo ndi amene anayambitsa msonkho, umene pofika 1894 unali mashilingi 3 pa nyumba iliyonse, ndipo unakakamiza amuna kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Ndi iyenso amene kuyambira 1892 anapereka ziphaso zotsimikiza kuti malo amene azungu ndi makampani ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Malowo onse pamodzi anaposa maekala 3 miliyoni, ndipo ambiri anagulidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti zochepa. Thangata amene anakwiyitsa John Chilembwe mu 1915 anamera pa ziphaso zimenezo. Mikangano ya malo ya ku Thyolo ndi ku Mulanje imene timalemba m'nyuzipepala lero mizu yake ili pomwepo.

Ndikayang'ana chiphaso cha malo ndi kapepala ka kumwendo kwa mbalame, ndimaona ntchito imodzi. Chinthu chimene anthu ankachidziwa n'kumachigwiritsa ntchito popanda pepala chinalembedwa, chinapatsidwa dzina latsopano ndi mwini watsopano, ndipo kope lake linakasungidwa kutsidya kwa nyanja.

Atachoka kuno

Malungo a mkodzo wakuda anam'gwira kangapo, ndipo mu 1896 anachoka m'dziko muno osabwereranso kudzalamulira. Chaka chomwecho anapatsidwa ulemu wa Sir, ndipo anakwatira Winifred Irby. Mu 1897 anatulutsa buku lalikulu lotchedwa British Central Africa, lokhala ndi zithunzi zojambula yekha komanso mndandanda wa nyama, mbalame, nsomba ndi zomera za kuno.

Atakhalako pang'ono ku Tunis, anatumidwa ku Uganda mu 1899, kumene anasainirana pangano la 1900 ndi akuluakulu a ufumu wa Buganda. Ali komweko anathandiza anthu ena a m'nkhalango ya Congo, amene mzungu wina anawagwira kuti akawaonetse ku Ulaya, kubwerera kwawo. Anthuwo ndi amene anamufotokozera za nyama ina yam'nkhalango ya mizeremizere kumiyendo. Johnston anapeza tizidutswa ta chikopa chake n'kutumiza kwa Sclater yemwe uja, ndipo mu 1901 nyamayo inalowa m'mabuku. Lero imatchedwa Okapia johnstoni. Amene anam'fotokozera aja, mayina awo mulibemo.

Ntchito ya boma inathera pamenepo. Anayesa kupikisana pa mpando wa phungu mu 1903 koma analephera. Anapita ku Liberia, anapita ku America mu 1908 ataitanidwa ndi Pulezidenti Theodore Roosevelt, ndipo zaka zotsalazo anathera polemba. Analemba mabuku oposa 40, kuphatikizapo nthano zopeka ndi mabuku awiri akuluakulu oyerekeza zilankhulo za Chibantu, a mu 1919 ndi 1922. Anamwalira pa 31 Julaye 1927 ali ndi zaka 69, ndipo anaikidwa ku Poling, m'chigawo cha Sussex. Sanasiye mwana.

Pomwe ankamwalira, fashoni ya mbalame zakufa inali itazilala. Amayi ena a ku England anaipidwa ndi kuphedwa kwa mbalame chifukwa cha zipewa, ndipo mu 1889 Emily Williamson anayambitsa gulu ku Manchester limene linadzakhala Royal Society for the Protection of Birds. Mu 1921 Britain inakhazikitsa lamulo loletsa kulowetsa nthenga zamalonda m'dzikomo. Mabokosi a galasi aja anayamba kuoneka achikale, ambiri anatayidwa. Amene anapulumuka ndi omwe lero akudula paokushoni.

Zili kuti lero?

Zikopa za akatswiri zija sizinatayidwe. Mbalame za British Museum zinasamutsidwira ku Tring, tauni yaing'ono kumpoto chakumadzulo kwa London, kumene Walter Rothschild anatsegula myuziyamu yake mu 1892. Kumeneko kuli zikopa za mbalame pafupifupi 750,000 zochokera padziko lonse, zitagonekedwa m'madilowa. Pakati pake pali zochokera ku Zomba ndi ku Mulanje. N'zamtengo moti mu 2009 mnyamata wina wa ku America, woimba chitoliro, anathyola zenera n'kuba zikopa 299 kuti agulitse nthenga zake.

Ndisakunamizeni, madilowa amenewa ali ndi ntchito. Mbalame iliyonse ikalembedwa koyamba, chikopa chimene anagwiritsa ntchito chimakhala ngati chiphaso chake chobadwira, ndipo aliyense wofuna kutsimikiza mtundu wa mbalameyo amayerekeza ndi chimenecho. Masiku ano akatswiri amachotsako kachidutswa kakang'ono n'kuyeza DNA. Kuwonjezera apo, tipepala ta kumwendo tija ndi umboni wa zimene zinkauluka m'nkhalango zathu zaka 130 zapitazo, nkhalango zimene zina lero ndi minda ndi zitsa.

Chitsanzo ndi kambalame ka pakhosi pachikasu kotchedwa Apalis flavigularis, kamene Shelley anakalemba mu 1893. Pa mitundu ya mbalame pafupifupi 650 imene inalembedwa m'Malawi, kameneka ndi kokhako kamene sikapezeka m'dziko lina lililonse. Kamakhala pa Mulanje, Zomba ndi Malosa basi, ndipo kali pamndandanda wa mbalame zimene zili pachiopsezo chotheratu chifukwa nkhalango zake zikutha. Mkungudza wa Whyte uja zinthu zake zafika poipa kwambiri: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse la Mulanje.

Apa mlandu suli pa Johnston. Macheka amene anamaliza mkungudza ndi athu. Matumba a makala amene amalowa mu Lilongwe pa njinga m'mamawa, ochokera ku Dzalanyama kumene kumachokeranso madzi amene timamwa, timagula ndife, ine ndemwe. Zikapitirira chonchi, mwana wa ku Malawi wofuna kuona kambalame ka ku Malawi adzafunika viza, tikiti ya ndege ndi chilolezo chotsegula dilowa ku Tring. Chimene chikundiwawa n'chimenechi.

Dzina limodzi limene linalowa

Pali munthu mmodzi amene anandipatsa mtima pamene ndinkawerenga zonsezi. Patapita zaka zambiri Johnston atachoka, mzungu wina wa boma, C. W. Benson, amene anafika ku Nyasaland mu 1932, ankasaka mbalame ndi munthu wakuda dzina lake Jali Makawa. Makawa ankadziwa mbalame ndi khutu, ankazisaka n'kuzisenda mwaluso, ndipo anayenda ndi Benson mpaka kuzilumba za Comoros. Mu 1964 anapeza kambalame kachilendo kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ndipo mu 1965 kanatchedwa Pogoniulus makawai. Chikopa chimodzi chokhacho ndicho chilipo padziko lonse, palibenso wina amene anakapezapo.

Kunali a Makawa angati m'nthawi ya Whyte? Mabuku a Shelley sanawalembe. Koma ntchito yawo ili m'madilowa muja.

Nanga ife?

Choyamba, ngati mwapeza bokosi lakale lotere kunyumba ya agogo kapena pa selo, musatsegule n'kumagwira nthenga ndi manja. Aseniki uja satha mphamvu. Chachiwiri, musatengeke ndi mitengo ya paintaneti n'kuganiza zoyamba bizinesi ya mbalame zoumitsa. Ku Britain mabokosi a nthawi ya Victoria amaloledwa kugulitsidwa chifukwa anapangidwa chisanafike chaka cha 1947. Mbalame yophedwa lero ndi nkhani ina. Malawi ali m'pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo zam'tchire, ndipo lamulo lathu la zanyama zakutchire, litakonzedwanso mu 2017, limafika pa zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu. Nkhwazi yokongola ndi imene ili pachizindikiro cha boma ndi imene ikulira kunyanja, osati ya pashelefu.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna kutsindika. Johnston anafunika mfuti, poizoni, amtengatenga ndi sitima kuti mbalame ya ku Zomba ilembedwe. Inu muli ndi foni. Imajambula, imatepa kulira kwa mbalame, imadziwa tsiku ndi malo. Pa eBird aliyense akhoza kulemba mbalame imene waona, ndipo dzina limene limakhalapo ndi lanu. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lili ndi nthambi kuno ku Lilongwe. Ndipo sitifunika kupita kutali. Pakati penipeni pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pamene pali Lilongwe Wildlife Centre. Timaidutsa tsiku lililonse mu minibasi maso ali pa TikTok.

Akuluakulu a ku myuziyamu ya ku Chichiri ndi a m'mayunivesite athu nawonso ali ndi poyambira. Kupempha zithunzi ndi kaundula wa chikopa chilichonse chochokera m'dziko muno, kuti wophunzira wa ku Bunda kapena ku Zomba aziona pa foni yake, si nkhondo ayi. Ndi kalata chabe.

Koma pali chinthu china chimene ku Tring kulibe, ndipo chikutha msanga kuposa nkhalango. Lamlungu lapitali ndinapita ku Lingadzi m'mamawa, ndinatepa kulira kwa mbalame zinayi, n'kutumizira agogo anga kumudzi kudzera pa foni ya msuweni wanga. Zitatu anazitchula mayina nthawi yomweyo, n'kuwonjezera imene imalosa mvula ndi imene ana saloledwa kuigenda ndi legeni. Yachinayi anati dzina lake ankalidziwa ndi malemu agogo aamuna, iwo laiwalika. Ine, wa digiri yangayi, pa zinayizo ndinadziwapo pumbwa yekha.

Mayina atatuwo ndawalemba m'kope, pamodzi ndi tsiku, malo ndi dzina la amene anandiuza. Loweruka likubwerali ndikubwereranso ku Lingadzi 6 koloko m'mawa. Amene muli ndi agogo odziwa mbalame, yambani mwawaimbira.